Kuchokera ku Koleji Kukafika ku London: Ulendo wa Clint Dempsey

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ku Ulaya mnyamata waluso pa mpira wamiyendo amatengedwa ndi timu yaikulu akadali wamng'ono, monga momwe Wayne Rooney adayambira kusewera ndi akuluakulu m'timu ya Everton m'chaka cha 2002 ali ndi zaka 16 zokha. Koma ku America anyamata ambiri akhala akudzera njira ina yozungulira, ndiyo ya ku koleji, kumene mpira ndi mabuku zimayendera limodzi. Mmodzi mwa amene adaiyenda njirayi mpaka kukafika kutsidya kwa nyanja ndi Clint Dempsey.

Dempsey adabadwa pa 9 Malichi 1983 m'tauni ya Nacogdoches, m'chigawo cha Texas. Banja lake lidali losauka, ndipo kwa zaka zingapo linkakhala m'kanyumba kamatayala kokokedwa ndi galimoto. Mpira adauphunzira posewera ndi anthu olankhula Chisipanishi amene adasamukira kuderalo. Luso lake litaoneka, adalowa m'timu ya ana ya Dallas Texans. Koma kuti akafike ku Dallas pankafunika ulendo wa maola atatu pagalimoto, ndi enanso atatu pobwerera.

Ndalama zoyendera zidali zochepa, ndipo m'nyumbamo mudalinso mlongo wake wamkulu amene ankachita bwino pa masewera a tenisi. Makolo sakadatha kuthandiza onse awiri nthawi imodzi, motero Clint adayamba waleka kupita ku Dallas kuti mlongo wakeyo apite patsogolo. Tsoka ilo, m'chaka cha 1995 mtsikanayo adamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 16, mtsempha wa magazi utaphulika m'bongo. Clint adali ndi zaka 12. Pambuyo pake adabwerera ku Dallas Texans, makolo a anzake a m'timu akuthandizako pa zolipira, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Atatsiriza sukulu ya sekondale, m'chaka cha 2001 adalowa pa Furman University, mumzinda wa Greenville ku South Carolina. Mpira wa ku koleji uli ndi ubwino wake ndi kuipa kwake. Ubwino wake ndi wakuti mnyamata waluso atha kulipiriridwa sukulu, mbali ina kapena yonse, ndipo amapeza bwalo labwino ndi mphunzitsi wa masewera. Komanso malamulo salola wolephera m'kalasi kuvala malaya a timu, kotero kuti wofuna bwalo ayenera kuyamba wakhutiritsa aphunzitsi. Kuipa kwake ndi kwakuti nyengo ya masewera ndi yaifupi, kuyambira mu Ogasiti kulekeza mu Disembala, pamene anzake a msinkhu womwewo ku Ulaya amasewera pafupifupi miyezi khumi pachaka, nalandiranso malipiro. M'zaka zitatu zimene adakhala pa Furman, Dempsey adagoletsa zigoli 17, ndipo adachokapo chitatsala chaka chimodzi kuti amalize maphunziro.

Khomo lachiwiri lidali la ligi yaikulu ya ku America yotchedwa Major League Soccer. Chaka ndi chaka matimu a m'ligiyi amasinthana kusankha anyamata ochokera m'makoleji, ndipo pa chisankho cha 2004 Dempsey adali wachisanu ndi chitatu kutchulidwa, natengedwa ndi New England Revolution. M'chaka chomwecho adagoletsa zigoli 7, adalandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse, ndipo adaitanidwa ku timu ya dziko lake. Pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse ku Germany m'chaka cha 2006, timu ya America idagonja ndi Ghana 2-1, koma chigoli chimodzicho chidali chake. Apa ndi pamene a ku Ulaya adayamba kumuyang'anitsitsa.

Mu Januwale 2007 timu ya Fulham ya mumzinda wa London idamugula ndi madola 4 miliyoni, mtengo umene panthawiyo udaposa wa wosewera aliyense wochokera m'ligi ya ku America. Kusewera m'timu ya dziko kudamuthandizanso kupeza chilolezo chogwirira ntchito ku England, pakuti boma linkayang'ana zimenezo. Adafika ali ndi zaka 23, ndipo adapezako Brian McBride ndi Carlos Bocanegra, Aamerika anzake amenenso adadzera ku koleji. Miyezi yoyamba idali yowawa, chifukwa kawirikawiri ankayamba masewera ali panja kudikira kulowa m'malo mwa wina. Koma pa 5 Meyi 2007, Fulham ili pangozi yotuluka m'ligi, adalowa m'bwalo nagoletsa chigoli chimene chidagonjetsa Liverpool 1-0. Timuyo idapulumuka.

Kuyambira pamenepo dzina lake lidakhazikika. M'chaka cha 2010 adakweza mpira mwaluso kudutsa pamutu pa goloboyi wa Juventus, ndipo Fulham idapitirira mpaka ndime yotsiriza ya chikho cha Europa League, kumene idagonja ndi Atletico Madrid 2-1. Mu Januwale 2012 adagoletsa zigoli zitatu posewera ndi Newcastle, nakhala Mmerika woyamba kutero m'ligi yaikulu ya ku England. Adachoka ku Fulham atagoletsa zigoli 50 za m'ligi, nasewera chaka chimodzi ku Tottenham, kenaka mu 2013 adabwerera kwawo ku timu ya Seattle Sounders. Adapuma pa mpira mu 2018, atasewerera dziko lake masewera 141 ndi kugoletsa zigoli 57.

Kunena zoona, njira ya Dempsey ndi yopapatiza. Mwa anyamata zikwizikwi amene amasewera mpira m'makoleji a ku America, ochepa okha ndiwo amatchulidwa pa chisankho, ndipo owoloka nyanja ndi ochepa koposa. Otsalawo amapita kukafuna ntchito zina, ndipo chimene chimawadyetsa ndi maphunziro amene mpirawo udawalipirira. Mnyamata wa ku Nacogdoches adachedwa ndi zaka zisanu ndi ziwiri pomuyerekeza ndi Rooney, koma m'zaka zimenezo sukulu ndiyo idamusunga pa mpira pamene matimu a ku Ulaya adali asanamve n'komwe za dzina lake.