Tizomera Toyambitsa Matenda

Tonsefe timadziŵa bowa womera m'dzinja. Tidaonanso chimanga chosauma bwino chitachita chuku m'nkhokwe. Bowa ndi chuku ndi za banja limodzi. M'banja lomweli muli tizomera tina tosaoneka ndi maso, timene timayambitsa matenda. Madokotala amatitcha fangayi.

Chipere chimayamba ndi tizomera timeneti. Icho chimakhala pakhungu pokha, ndipo chimachizika msanga. Koma tilipo tizomera tina toloŵa m'kati mwa thupi, ndipo timapha.

Kamodzi mwa ito ndi Cryptococcus. Kameneka kamapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za nkhunda. Munthu amakapuma pamodzi ndi fumbi. Thupi lamphamvu limakagonjetsa mwini wake osadziŵa. Koma mwa munthu amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV amene sakumwa ma ARV, kamachoka m'mapapo ndi kukafika ku ubongo. Kumeneko kamayambitsa mtundu wina wa matenda oumitsa khosi.

Wodwala amamva mutu kwa masiku ambiri osaleka. Amatentha thupi ndi kusanza, maso ake safuna kuwala, ndipo nthaŵi zina amasokonezeka maganizo. Ena amayesa malungo, ena ufiti, motero amachedwa kupita kuchipatala. Kuchedwako ndiko kumataya moyo.

Kuchipatala dokotala amayeza magazi. Amatenganso madzi pang'ono a mumsana ndi jakisoni kuti aŵapime. Anthu ena amaopa zimenezi, komatu kuchotsa madziwo kumachepetsanso kupweteka kwa mutu.

Mankhwala a malungo kapena penisilini sapha tizomerati. Wodwala amapatsidwa amphotericin B kudzera mu dripi, ndi mankhwala akumwa otchedwa flucytosine ndi fluconazole. Madokotala a ku Malaŵi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe adafufuza, napeza kuti dripi imodzi ya mtundu watsopano wa amphotericin B imakwanira, wodwala akamamwanso mankhwala aŵiri aja masiku 14. Bungwe la WHO lidavomereza njirayi mu 2022. Pambuyo pake wodwala amapitiriza kumwa fluconazole kwa chaka kapena kupitirira.

Matendaŵa sapatsirana, choncho wodwala tisamusale. Mbale wathu akamva mutu wosasiya, tiuze akuluakulu kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafunso
1. Kodi Cryptococcus amapezeka kuti?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za matendaŵa.
3. N'chifukwa chiyani dokotala amatenga madzi a mumsana?
4. Fotokozani kuipa kochedwa kupita kuchipatala.