Chifukwa chake ma hamster aang'ono amamenyana akakumananso

M'masitolo ogulitsa ziweto ku London, ku Berlin ngakhale ku Johannesburg mumapezeka tinyama totchedwa hamster, tooneka ngati mbewa yonenepa koma ta mchira waufupi kwambiri. Tili ana timagona mounjikana pakona ya khola, ndipo makolo akationa choncho amagulira mwana wawo tiwiri, kuopa kuti kamodzi kangasungulumwe. Miyezi ingapo zinthu zimayenda bwino. Kenako kamodzi kamadwala n'kukagona kwa dokotala wa ziweto, kapena kamatuluka m'khola n'kukabisala kuseri kwa kabati, kapenanso mwini wake amatilekanitsa masiku ochepa atamva tikukangana. Tsiku lotibwezera pamodzi, tinyama tomwe tinayamwa bere limodzi timalumana mpaka magazi, ndipo nthawi zina kamodzi kamafa.

Eni ake ambiri amadabwa, ena amaganiza kuti kamodzi kapenga. Sikuti kapenga ayi. Kakuchita zomwe mphuno yake yakauza.

Poyamba tidziwe kuti ma hamster sali a mtundu umodzi. Wamkulu wa ubweya wofiirira, wotchedwa Syrian hamster, sakhala ndi mnzake m'pang'ono pomwe akakula. Ambiri mwa omwe amawetedwa lero anachokera ku banja limodzi lomwe katswiri wa zinyama Israel Aharoni anakumba pafupi ndi mzinda wa Aleppo mu 1930. Nkhani yathu ikukhudza tating'ono ta gulu lomwe asayansi amalitcha Phodopus, lomwe lili ndi mitundu itatu. Pali ka Campbell, kochokera ku zidikha za udzu za ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Pali ka Djungarian, ka ku Kazakhstan ndi Siberia, komwe ubweya wake umasanduka woyera masiku akafupika nyengo yachisanu. Pomaliza pali ka Roborovski, ka m'mchenga wa chipululu cha Gobi ndi madera ozungulira, kolemera magalamu 20 mpaka 25 okha. Tinyama ta mitundu itatu imeneyi ndi tomwe ogulitsa amakonda kunena kuti timatha kukhala pamodzi.

Mawu a ogulitsawo ali ndi poyambira. Katherine Wynne-Edwards, yemwe ankagwira ntchito pa Queen's University ku Canada, anatha zaka zambiri akufufuza tinyamati, ndipo mu 2000 iye ndi mnzake anafalitsa zomwe anaona: kamphongo ka Campbell kamathandiza kakazi pobereka, kamakoka mwana akamatuluka, kumuchotsa nembanemba ndi kumunyambita mphuno kuti apume. Ndi zinyama zoyamwitsa zochepa zomwe bambo amafika pamenepo. Koma tiyenera kuona bwino malire a zimenezi. Uwu ndi mgwirizano wa kamphongo ndi kakazi pa nthawi yolera ana, kuthengo komwe aliyense akatopa ndi mnzake ali ndi dambo lonse lothawirako. Si umboni woti timphongo tiwiri, kapena tikazi tiwiri, tingakhale moyo wonse m'bokosi lomwe mwana anganyamule ndi manja. Komanso tinyama tambiri togulitsidwa ndi dzina loti Russian dwarf ndi tosakaniza ta Campbell ndi Djungarian, choncho wogula sadziwa kuti katengera khalidwe la mbali iti.

Chinsinsi cha ndewuyi chagona pa fungo. Hamster saona patali, ndipo amayenda kwambiri madzulo ndi usiku. Dziko lake amalidziwa ndi mphuno. Tinyama ta Phodopus tili ndi kachiwalo kotulutsa mafuta onunkha pakati pa mimba, kooneka bwino pa timphongo ngati kabala kachikasu, moti eni ake ena amathamangira nako kwa dokotala poganiza kuti ndi chilonda. Kanyamako kamakhuza mimba pa miyala, pa timitengo ndi pakhomo pa una kuti kasiyepo chizindikiro, ndipo mkodzo ndi ndowe nazo zimanyamula uthenga. Robert Johnston wa pa Cornell University ku United States anaonetsa m'kafukufuku wake wa zaka zambiri kuti ma hamster amasiyanitsa mnzawo mmodzi ndi wina pomva fungo lokha.

Tinyama tiwiri tikamagona chisa chimodzi, kupesana ubweya ndi kuyenda pa utuchi umodzi, fungo lawo limasakanikirana n'kukhala fungo la pakhomopo. Tikalekana, fungo limeneli limayamba kuzimiririka. Komwe kanapita kuchipatala kamabwera kakununkha mankhwala, manja a anthu ena ndi utuchi wachilendo. Komwe kanatsala nako sikanangokhala. Kapaka fungo lake ponseponse ndipo tsopano khola lonse, chakudya chonse chobisidwa pansi pa utuchi ndi gudumu lothamangiramo kakuziyesa zake. Ndiye mukatsegula chitseko n'kuikamo mnzake uja, kamaona mlendo wobwera kudzalanda nkhokwe. Ngakhale kutsuka khola lonse nthawi imodzi ndi sopo kumatha kuyambitsa ndewu pakati pa tinyama tomwe sitinalekanepo, chifukwa fungo lomwe linkatigwirizanitsa lapita ndi madzi. N'chifukwa chake oweta odziwa amasiyako utuchi wina wakale akamasesa, ndipo kamodzi kakamapita kwa dokotala amanyamula tonse tiwiri m'kabokosi kamodzi, ngati matendawo si opatsirana.

Msinkhu umaonjezera vutoli. Tinyamati timakhwima msanga, pa milungu 5 kapena 6, ndipo kulolerana kwa paubwana kumachepa pamene tikukula. Nthawi zambiri kulekana kwa masiku ochepa kuja kumangofulumizitsa ndewu yomwe inali kale panjira.

Nanga amene akufunabe kuyesa atani? Funso loyamba ndi loti tinalekana chifukwa chiyani. Ngati tinalumana mpaka kutuluka magazi, nkhani yathera pomwepo, musatibwezerenso pamodzi. Ngati ndi kamphongo ndi kakazi, kumbukirani kuti bere limatenga masiku 18 mpaka 22 okha, ndipo kakazi kamatha kutenganso bere lina tsiku lomwelo kabereka. Thupi lake limatha msanga, ndipo inu mudzasowa kopita ndi ana.

Ngati tinalekana mwangozi ndipo tonse tili bwino, njira yomwe oweta amagwiritsa ntchito ndi yogawa khola pakati. Amatenga khola lotsukidwa bwino, lopanda fungo la kalikonse mwa tiwirito, n'kumangapo pakati waya wa mabowo ang'onoang'ono. Wayayo akhale wapawiri, wosiya mpata pakati, chifukwa mano amatha kudutsa pa waya mmodzi n'kudula chala kapena mphuno. Mbali iliyonse ikhale ndi madzi ake, chakudya chake, gudumu lake ndi pobisala pake. Tsiku lililonse amasinthanitsa tinyamato mbali, osasintha utuchi, kuti kalikonse kagone pa fungo la kanzake. Izi zimatenga sabata kapena kuposerapo, ndipo wopupuluma asayambe n'komwe. Tikamanunkhizana pa waya modekha, kapena kugona moyandikana mbali ino ndi iyo, pali chiyembekezo. Tikamatafuna waya ndi kukukuta mano, yankho mwalimva kale.

Tsiku lochotsa waya likhale loti muli pakhomo, ndipo mukhale tcheru mpaka usiku, poti ndi nthawi yomwe tinyamati timadzuka. Chakudya chimwazidwe ponseponse m'malo moika m'mbale imodzi, ndipo kanyumba kalikonse kobisalamo kakhale ndi makomo awiri kuti kofooka kasatsekeredwe pakona. Kunusana kumbuyo, kuthamangitsana pang'ono, ngakhale kamodzi kugona chagada n'kulira tswii, zimachitika pamene tikupimana mphamvu. Koma kuthamangitsana kosalekeza, kulumana kumatako, kapena kugwirana n'kumagubuduka ngati mpira ndi ndewu yeniyeni. Pamenepo musalowetse dzanja lopanda kanthu, chifukwa mudzalumidwa. Vindikirani kamodzi ndi kapu kapena ikani katoni pakati.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si ndewu yoonekera, chifukwa imeneyo aliyense amailetsa. Ndi kuzunzika kwachinunu. Kanyama kogonja kamasiya kutuluka, kamadikira mnzake agone kuti kamwe madzi, ubweya umathothoka kumbuyo, thupi n'kumachepa. Mwini wake akasuzumira masana amaona tagona phee, n'kumati tagwirizana. Choncho yezani kalikonse pa sikelo ya kukhitchini sabata ndi sabata, ndipo muzipatula ubweya kuyang'ana zipsera. Bala la mano a hamster ndi laling'ono koma lakuya, limatseka msanga pamwamba n'kuchita mafinya mkati, ndipo limafuna dokotala wa ziweto, osati mankhwala a anthu otsala m'nyumba.

Maganizo oti chiweto chilichonse chimafuna mnzake ndi ochokera pa mtima wabwino, ndipo pa ziweto zina ndi oona. Mbira, zomwe mabanja ena amaweta kwathu kuno, zimavutikadi zikakhala zokha, moti dziko la Switzerland linakhazikitsa lamulo mu 2008 loletsa kuweta mbira imodzi yokha. Hamster sali choncho. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006 ku England ndi Wales, lomwe limakhudzanso abale athu okhala kumeneko omwe ana awo amaweta tinyamati, limanena kuti mwini chiweto aonetsetse kuti chikukhala pamodzi ndi zinzake kapena pachokha malinga ndi chibadwa chake. Kwa hamster wamkulu msinkhu, kukhala payekha sikumulanda kanthu, bola khola likhale lalikulu. Mabungwe osamalira zinyama ku Britain ndi ku Germany amalangiza khola losachepera masentimita 100 m'litali ndi 50 m'lifupi, la utuchi wakuya wokumbamo mauna, ndi gudumu lalikulu losapinda msana.

Ka Campbell ndi ka Djungarian kawirikawiri timangokhala ndi moyo zaka ziwiri, ndipo ka Roborovski kamatha kufika zitatu. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwambiri kuti kanyama kaithere kakubisala mnzake. Ngati tinyama tanu talekana kale ndipo kalikonse kakudya, kukumba ndi kuthamanga pa gudumu lake, gulani khola lachiwiri ndipo mutisiye momwemo.