Kulemba CV motsatira chidziwitso cha ntchito

Chidziwitso cha ntchito chimene kampani kapena bungwe limaika pa intaneti, kaya pa LinkedIn, pa Facebook kapena pa tsamba lake, kawirikawiri chimakhala ndi zigawo ziwiri: ntchito zimene wolembedwayo azikagwira, ndi maphunziro komanso luso limene akuyenera kukhala nalo. Ambiri ofuna ntchito amangoona tsiku lotsekera ndi kotumiza kalata, basi n'kuponya CV yomwe ija anatumizanso kwina. Mwayi umatayika pamenepa, chifukwa m'chidziwitsomo olemba ntchito amakhala atanena okha zimene adzayang'ane posankha anthu.

Njira yothandiza ndi kusonkhanitsa zidziwitso zinayi kapena zisanu za ntchito ya mtundu umodzi n'kuziwerenga pamodzi. Mawu amene akubwerezedwa ndiwo ofunika. Pa ntchito ya kalaliki wa za ndalama, mwachitsanzo, sipalephera kupezeka Excel, QuickBooks kapena Sage, kukonza malipiro a pamwezi, ndi satifiketi kapena dipuloma ya ICAM. Amene anagwirapo zimenezi azilembe kumtunda kwa CV, m'mawu a Chingerezi omwewo amene ali m'chidziwitso. Mabungwe ena akuluakulu, makamaka akunja, amasefa ma CV ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ATS asanafike m'manja mwa munthu, ndipo pulogalamuyo imasaka mawu. Ngakhale kumene kulibe ATS, wosankha amene wakundikiridwa mulu wa ma CV patebulo amathamangitsa maso kufunafuna mawu omwewo.

Komabe kukopera chiganizo chonse sikupindula. Chidziwitso chikati akufuna wodziwa kusunga katundu, CV inene zimene mwiniwake anachitadi: ankasunga katundu wanji, kwa zaka zingati, ndipo ankamuwerengera kangati pamwezi. Ngakhale amene ankangothandiza m'golosale ya amalume ake, kapena kulemba m'kaundula wa banki mkhonde, ali nacho cholemba. Chosayenera n'kudzipatsa luso limene munthu alibe. Bodza lotere limaululika pa intavyu, likachedwa sabata yoyamba pa ntchito.

Si zidziwitso zonse za pa intaneti zimene zili zoona. Zina zoyendayenda m'magulu a WhatsApp n'za akathyali amene amauza munthu kuti atumize ndalama pafoni kuti dzina lake lilowe pamndandanda. N'chifukwa chake mpofunika kutsimikiza kaye pa tsamba la bungwelo, kapena m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, munthu asanatumize CV yokhala ndi nambala yake ya foni ndi ya chiphaso.