Ndodo Yachitsulo pa Galimoto za Alendo ku Nkhata Bay

Mvula ikatha, kuyambira mwezi wa June mpaka October, tauni ya Nkhata Bay imalandira alendo ambiri oyenda pa galimoto zogonamo. Mkati mwake mumakhala bedi, mbaula ndi thanki ya madzi. Ena amatsika kuchokera ku Mzuzu, ena amadzera msewu wa M5 kuchokera ku Nkhotakota. Pa zina mwa galimotozi mumaona ndodo yachitsulo yaitali itaimikidwa padenga kapena kumbuyo. Ana amati ndi ndodo yowedzera nsomba, ndipo akuluakulu ena amanong'onezana kuti mwina ndi akazitape. Ayi, abale ndi alongo. Imeneyi ndi eriyo ya wailesi yolankhulirana.

Wailesi imeneyi ndi yosiyana ndi ija timamvera nkhani za MBC. Mwini wake amalankhula, mnzake wa kutali n'kuyankha. Pa dziko lonse pali anthu amene amachita zimenezi pongozikonda, osati pofuna phindu, ndipo aliyense amapatsidwa dzina loitanira ndi boma la kwawo. Dzina la munthu wa ku Malawi limayamba ndi 7Q, wa ku Zambia 9J, wa ku Tanzania 5H. Ubwino wake ndi wakuti safuna mayunitsi kapena nsanja ya kampani ya mafoni. Batire ya galimoto ndi eriyo basi. Amene anaona mmene magetsi ndi mafoni zinazimira m'madera ambiri a kummwera pa nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 angamvetse phindu la chipangizo chotere.

Kutalika kwa eriyo sikochita kulota. Mawu amayenda m'mlengalenga ngati mafunde, ndipo funde lililonse lili ndi utali wake. Eriyo ya pagalimoto nthawi zambiri imakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa fundelo. Pa 145 MHz funde limatalika pafupifupi mamita 2, choncho eriyo ndi ya masentimita 50 okha. Pa 14 MHz, pamene anthu amalankhulirana ndi maiko akutali, pamafunika mamita 5. Pa 7 MHz pamafunika mamita 10. Ndani angayende ndi mlongoti wotere pamsewu? N'chifukwa chake amakulunga waya pakati kapena patsinde pa ndodoyo kuti ifupike, ngakhale kuti potero mphamvu ina imatayika.

Tsono nayi mfundo imene ambiri saidziwa: ndodo imene timaionayo ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndi chitsulo cha galimoto yeniyeniyo. Ngati tsinde la eriyo silinagwirane bwino ndi chitsulocho, wailesi imalira ndithu, magetsi ake n'kumayaka, koma mawu sapita patali. Malo abwino koposa ndi pakati penipeni pa denga, chifukwa chitsulo chimazungulira mbali zonse mofanana. Mukaiika pa bampala ya kumbuyo, thupi la galimoto limaphimba mbali ina ya ndodoyo ndipo mawu amapita kwambiri mbali imodzi.

Apa ndi pamene galimoto zogonamo zimavutira. Zambiri denga lake si lachitsulo, ndi la fayibala ngati mabwato ena a injini amene timawaona padoko. Fayibala sidutsa magetsi. Mmisiri wodziwa ntchito amamata lata kunsi kwa dengalo, kapena amayala mawaya atatu kapena anayi otalika mofanana ndi ndodoyo, onse olumikizidwa patsinde. Eriyo zina zimabwera ndi maginito ongokhazika padenga. Maginito sagwira pa fayibala, sagwiranso pa aluminiyamu ya Land Rover zakale zija. Ife tikuona kuti maginito ndi a ulendo wa tsiku limodzi. Amene akufuna chinthu chokhalitsa alimbe mtima abowole denga, apale penti mpaka chitsulo chiwale, amange bwino, kenaka amate pamalopo kuti madzi asalowe. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo chitsulo chopalidwa chikasiyidwa pamtunda, dzimbiri silichedwa. Dzimbirilo likalowa pakati pa tsinde ndi denga, kugwirana kuja kwatha.

Waya wochoka pa eriyo kupita ku wailesi asapanikizidwe ndi chitseko, ndipo podutsa pabowo lachitsulo avekedwe labala. Wailesi ya mawati 100 imakoka pafupifupi ma-amp 20 polankhula, motero mawaya ake a magetsi achokere ku batire mwachindunji, fyuzi ili pafupi ndi batireyo. Kulumikiza pa kabowo koyatsira fodya ndi kuputa moto. Pomaliza amayeza ndi kachipangizo kotchedwa SWR mita, kamene kamasonyeza mphamvu imene ikubwerera m'mbuyo m'malo motuluka. Kakaloza kupitirira 2, afupikitse kapena atalikitse ndodo pang'onopang'ono.

Malo a Nkhata Bay nawonso ali ndi khalidwe lake. Tauniyi ili m'munsi, mapiri ali kumbuyo, nyanja ili kutsogolo. Mafunde a 145 MHz amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Pamadzi amapita bwino kulowera ku Chizumulu ndi Likoma, makamaka munthu akaimika galimoto pamalo okwera, koma kulowera ku Mzuzu mapiri amawatchinga. Mafunde a 7 ndi 14 MHz amakwera kumwamba n'kubwezedwa pansi, choncho si zachilendo kuti munthu ali pafupi ndi doko la Ilala amvane ndi wa ku Italy koma alephere kumvana ndi wa kuseri kwa phiri.

Ngozi zilipo, ndipo izi zikukhudza ngakhale ife amene tilibe galimoto koma timaimika eriyo ya kanema pansungwi. Musanaimike chilichonse chachitali, yang'anani kumwamba kuti mawaya a ESCOM adutsa pati. Ana asagwire ndodo ya pagalimoto, chifukwa mwini wake akamalankhula imatha kuwotcha dzanja. Chachikulu ndi mphenzi. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2012 anapeza kuti m'boma la Nkhata Bay mphenzi imapha anthu pafupifupi 84 mwa anthu miliyoni imodzi pa chaka, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi maiko ena. Kukayamba kugunda, eriyo yaitali itsitsidwe ndipo waya azulidwe ku wailesi. Galimoto yachitsulo chokhachokha imateteza amene ali mkati, koma ya denga la fayibala musaidalire.

Wina asathamangire kugula wailesi yotereyi n'kuyamba kulankhula. Chilolezo chimachokera ku bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo ngakhale alendo aja amayenera kuchipempha. Pa mafunde amenewa saloleza kuchita malonda, kuika nyimbo kapena kuulutsa mawu kwa anthu onse ngati nyumba ya wailesi. Asodzi ndi eni mabwato adziwenso kuti wailesi za panyanja zili ndi mafunde akeake pa 156 MHz, ndipo tchanelo 16 ndi yoitanira chithandizo pa ngozi.