Dzanja la mayi silichiza khansa, koma limagonetsa mwana

Aliyense amene anadikirirapo matenda pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete akudziwa m'mene usiku umatalikira mwana akamabuula. Madokotala akafika ponena kuti "apa tayesetsa", mayi amangotsala ndi manja ake awiri basi.

Manja amenewa si opeputsa ayi. Kunjaku kuli njira ina yotchedwa Reiki, yomwe anaiyambitsa Mikao Usui ku Japan m'chaka cha 1922. Ati munthu amasanjika manja pa wodwala n'kumupatsira mphamvu ina yosaoneka. Mphamvuyo palibe wasayansi anaipezapo, ndipo chotupa sichiphwa nayo. Komabe ana ena amadekha, mtima n'kukhala pansi. Nanga chachilendo n'chiyani pamenepa? Agogo athu a ku Nsaru ndi ku Kabudula akhala akusisita mwana pamsana, kumuthowa ndi madzi ofunda, kumuimbira mpaka tulo, osalipiritsa ngakhale tambala.

Pomwe pavuta ndi apa, abale anga. Khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana, ija anaifotokoza Denis Burkitt ku Uganda mu 1958, imakula msanga zedi, m'masabata owerengeka, koma imamva mankhwala mwana akafika msanga ku Kamuzu Central. Tsono banja limayamba lataya miyezi, mbuzi ndi nkhuku kutemetsa mphini, kapena kwa mlaliki woti "tayani mankhwalawo, mwachira". Pokafika kuchipatala n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Kupemphera palibe akuletsa. Woletsa mankhwala ndiye wolakwa.

Ngakhale mwana amene sachira ali ndi ufulu wogona tulo. Ntchito imeneyi ndi imene a Umodzi amagwira pakati pa ana ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, komanso a Ndi Moyo, malo omwe mayi Lucy Finch anatsegula ku Salima mu 2007. Chida chawo chachikulu ndi morphine wakumwa. Ambiri kumudzi amamuopa, ati ndi mankhwala otsiriza, omalizitsa munthu. Bodza limenelo. Akaperekedwa pa mlingo umene anamwino anena, maola anayi aliwonse, ululu umazizira, mwana n'kutha kumwa phala, mwinanso kufunsa komwe kwapita anzake.

Apo ndiye kusisita kuja kumagwira bwino ntchito. Mwana amene fupa likumuwawa safuna n'kukhudzidwa komwe, ngakhale ndi mayi wake womubala.