MPHUNZITSI WOCOKERA KWINA: NDANI ANGAMULOLE KUIMA M'KALASI?

Kuno kwathu mphunzitsi angasamutsidwe kucoka ku Chipata kupita ku Mongu, ndipo Lolemba lotsatira adzagwira coko popanda wina womuuza kuti ayambe walemba mayeso ena. Lamulo la mu 2013 lochedwa Teaching Profession Act linakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia, ndipo kaundula wake ndi mmodzi m'dziko lonse. Ku America zinthu sizili tero ai. Mai amene waphunzitsa masamu zaka 15 ku Ohio, akasamukira ku Texas, angauzidwe kuti cilolezo cake cinathera pa malire. Nkhaniyi njofunika kuimvetsa, cifukwa ana athu ena amene anatsiriza maphunziro a uphunzitsi amayang'ana kutsidya la nyanja pofuna nchito, ndipo ambiri amaganiza kuti kumeneko kuli khomo limodzi lolowera.

Dziko la America ndi mgwirizano wa zigawo 50. Tisazifanizire ndi zigawo zathu, pakuti ciliconse cili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, ndi makhoti ake. Malamulo aakulu a dzikolo sachula maphunziro ngakhale pamodzi. Ndime yacikhumi mwa ndime zoonjezera, imene inavomerezedwa mu 1791, imati mphamvu zonse zimene sizinaperekedwe ku boma lalikulu zitsala m'manja mwa zigawo kapena mwa anthu eni ake. Pa maziko amenewa, cigawo ndico cimanena amene ayenera kuphunzitsa m'sukulu zake za boma.

Boma la ku Washington linayesapo kulowetsa dzanja kudzera m'ndalama. Lamulo la No Child Left Behind, limene Pulezidenti George W. Bush anasaina mu January 2002, linafuna kuti zigawo zolandira thandizo zionetse kuti aphunzitsi a maphunziro aakulu ndi oyeneradi nchito yao. Mu December 2015 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lina m'malo mwake, Every Student Succeeds Act, limene linacotsa muyeso uja ndi kuletsa nduna ya maphunziro kulamula zigawo pa za zilolezo za aphunzitsi. Ngakhale sukulu za Mpingo sizili kunja kwa mphamvu ya cigawo. Mu 1925, pamene Masisitere a ku Oregon anapambana mlandu wao m'Khoti Lalikulu, oweruza anakana kuti cigawo cikakamize ana onse kupita ku sukulu za boma, koma m'cigamulo comweco anasiya m'manja mwa cigawo mphamvu yoyendera sukulu zonse ndi kuyesa aphunzitsi ake.

Motero cigawo ciliconse cili ndi alonda ake a pa cipata. Ku Texas kuli State Board for Educator Certification ndi mayeso ochedwa TExES. Ku California kuli Commission on Teacher Credentialing. Massachusetts ili ndi mayeso ake a MTEL, amene atalembedwa koyamba mu 1998, anthu 59 pa 100 alionse analephera, ndipo nkhani inamveka dziko lonse. Zigawo zambiri zimagwiritsa nchito mayeso a Praxis, okonzedwa ndi bungwe la ETS, koma apa pali cinthu cimene ife cimatidabwitsa: pepala ndi limodzi, koma cigawo ciliconse cimadziikira malikisi opambanira. Munthu angalembe tsiku limodzi, napeza malikisi amodzimodzi, nakhala wopambana kuno ndi wolephera tsidya lija la mtsinje.

Tisafulumire kuseka alonda amenewa. Zina zimene amafunsa nzanzeru ndithu. Alaska imafuna kuti mphunzitsi wobwera aphunzire mbiri ndi miyambo ya anthu a kumeneko. Montana imafuna kuti adziweko za mitundu ya Amwenye a ku America, eni nthaka, amene ana ao adzakhala m'kalasi mwake. Ife amene tinaona aphunzitsi otumidwa ku mudzi kumene sadziwa cilankhulo ca ana a Giredi 1 tidziwa kuti dipuloma siiphunzitsa munthu zonse. Palinso nkhani yolemera koposa iyi. Munthu amene analandidwa cilolezo cifukwa coononga mwana m'cigawo cimodzi angathawire ku cina ndi kuyambanso. Pofuna kutseka njira imeneyi, bungwe la akulu oyang'anira zilolezo m'zigawo, NASDTEC, limasunga kaundula wa aphunzitsi olangidwa, amene zigawo zimayang'anamo zisanapereke cilolezo. Kholo lililonse lingavomereze cipata cotere. Kuno kwathunso, mu 2017, Teaching Council of Zambia inapeza aphunzitsi mazana angapo ali ndi masatifiketi acinyengo.

Koma kufufuza mbiri ya munthu ndi cinthu cina, kumulembetsanso mayeso a zimene waphunzitsa zaka 15 ndi cinanso. Apa ndipo tiona kuti mphamvu yabwino yagwiritsidwa nchito mwaulesi. Mayeso amafuna ndalama, kutumiza mapepala kumafuna ndalama, ndipo kudikira kumadya miyezi. Pa miyezi imeneyo mphunzitsi ali pa nyumba kapena wapeza nchito m'sitolo, ndipo ena sabwereranso ku coko. Pa miyezi yomweyo sukulu imene ikusowa mphunzitsi wa sayansi imaika m'kalasi munthu wa cilolezo ca mwadzidzidzi, amene nthawi zina sanatsirize n'komwe maphunziro a uphunzitsi. Cigawo cakana katswiri pa khomo la kutsogolo, cikulowetsa wosaphunzira pa khomo la kuseri, ndipo wolipira ndi mwana. Makolo athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Nanga n'kumuimikiranji panja mpaka kalumo kacite dzimbiri?

Zigawo zakhala zikuyesa kumvana. Pali pangano lakale la NASDTEC limene zigawo zambiri zinasaina, koma ambiri amalimva molakwa. Panganolo silinena kuti cilolezo ca uku ndi cilolezo ca uko. Cigawo ciliconse cimangolemba mitundu ya zilolezo imene cingaganizire, ndipo cimakhalabe ndi ufulu woonjeza mayeso ndi maphunziro ake. Mu 2023 panabadwa pangano lolimba koposa, Interstate Teacher Mobility Compact, limene linayamba kukhala ndi mphamvu pamene zigawo 10 zinaliika m'malamulo ao. Mwa izo munali Colorado, Utah, Kentucky ndi Kansas. M'panganoli, mphunzitsi wa digiri amene anatsiriza maphunziro ovomerezeka, ndipo alibe cilango pa cilolezo cake, amapatsidwa cilolezo cofanana m'cigawo catsopano. Cigawo colandira cimafufuzabe ngati munthuyo ali ndi mlandu, ndipo cingamufunse zake-zake pa nthawi yokonzanso cilolezo. Otsutsa amaopa kuti cigawo ca muyeso wotsika cidzakhala khomo lolowera ku zigawo zonse. Mantha amenewa sitiwapeputsa. Koma tizindikire kuti palibe amene analanda zigawozi mphamvu: nyumba ya malamulo ya ciliconse inavomera yokha, ndipo ingathenso kutulukamo.

Pali malo amodzi pamene boma lalikulu linapondadi phazi, ndipo ndi pa mabanja a asilikali. Msilikali wa ku America amasamutsidwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mkazi kapena mwamuna wake, ngati ndi mphunzitsi, ankayambanso pansi ulendo uliwonse. Popeza za nkhondo ndi za boma lalikulu, nyumba ya malamulo ya ku Washington inapanga lamulo, losainidwa ndi Pulezidenti Joe Biden mu January 2023, lakuti cilolezo ca nchito ca msilikali kapena ca mnzake wa mu ukwati cilandiridwe kumene atumidwa. Caka comweco lamuloli linayesedwa. Mai wina, mlangizi wa ana a sukulu amene anali ndi zilolezo za ku Ohio ndi ku Missouri, anatsatira mwamuna wake ku malo a asilikali a ndege a Laughlin, pafupi ndi Del Rio ku Texas. Akulu a maphunziro a ku Texas anamukana, ponena kuti sanakwanitse zaka ziwiri zathunthu pa nchitoyo. Iye anapita ku khoti la boma lalikulu ku Austin. Woweruza Robert Pitman anaimitsa cikanizoco mu July 2023, ndipo mu November anagamula mlandu mokomera maiyo: lamulo linkangofuna kuti cilolezo cikhale citagwiritsidwa nchito mkati mwa zaka ziwiri zapitazo, ndipo Texas inalibe mphamvu yoonjezapo zake. Cigamuloci cinakhudza mabanja a asilikali okha. Mkazi wa dalaivala wa lole kapena mwamuna wa namwino, akasamuka, amakumanabe ndi malamulo a cigawo.

Ngati zili tero kwa nzika ya dzikolo, nanga kwa mwana wathu wocokera ku Chalimbana kapena ku Kwame Nkrumah? Satifiketi yake ya kuno iyenera kuyamba yapimidwa ndi bungwe limene cigawoco cimavomereza, kuti aone ngati ifanana ndi digiri ya kumeneko, ndipo pambuyo pake pamabwera mayeso a cigawo. Visa imacokera ku boma lalikulu, cilolezo cophunzitsira cimacokera ku cigawo; kukhala ndi cimodzi si kukhala ndi cinzake. Pakati pa ziwirizi ndi pamene amalonda ofunira anthu nchito amadyerapo. Mu 2012 khoti la ku Los Angeles linalamula kuti aphunzitsi pafupi-fupi 350 a ku Philippines, amene anatengedwa kukaphunzitsa ku Louisiana atalipiritsidwa ndalama zambiri-mbiri, abwezeredwe madola 4.5 miliyoni. Ambiri a iwo anali atakongola kwao kuti alipire ulendowo.

Tsono wina akabwera pa nyumba ndi mapepala, nati ali ndi malo a uphunzitsi ku America, banja lisanagulitse ng'ombe limufunse dzina la cigawo, dzina la bungwe lopereka cilolezo m'cigawoco, mayeso amene adzafunika ndi amene adzawalipire, ndiponso kuti cilolezo congoyembekezera cimene mwanayo adzayambire nchito cidzatha pakapita miyezi ingati.