Ulendo wa Loŵeruka ku Nkhalango ya Nyama ndi mu Mzinda wa Lilongwe

Chimanga chikaloŵa m'nkhokwe, ntchito ya kumunda n'kuyamba yachepa, mabanja ena a ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Namitete amapatula Loŵeruka limodzi kuti akaonetse ana awo mzinda wa Lilongwe. Ana ambiri a kumudzi mzindawu amaudziŵira pa ulendo wa nkhaŵa, pamene mbale wawo watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ndipo chimene amakumbuka ndi mabenchi a odikirira odwala basi. Ulendo woti banja lonse lanyamuka lili bwinobwino, popanda wodwala womugwiriziza, ndi wosoŵa. N'chifukwa chake uyenera kukonzedwa mosamala.

Pakati pa tauni yakale ndi City Centre, m'mbali mwa msewu umene unkatchedwa Kenyatta, pali nkhalango imene sinadulidwe pomanga mzindawu, ndipo mtsinje wa Lingadzi umadutsa momwemo. M'nkhalangomo ndimo muli malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre. Anthu ambiri amangoti ku zoo, koma ntchito ya malowa ndi ina. Kumeneko amalandira nyama zovulala ndi zamasiye: apusi ndi anyani amene anali omangidwa chingwe m'chiuno pakhomo pa munthu, agwape okodwa mu msampha, ngakhale ngaka zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba. Akazichiza amazibwezera kutchire ngati zingathe kudzisamala. Motero mwana amene walonjezedwa kuti akaona mkango m'khola adzabwerako wokhumudwa. Mikango ya m'dziko muno ili ku Majete, kumene inabwezeredwa mu 2012, ndi ku Liwonde kuyambira mu 2018.

Chimene banja limapeza m'nkhalangomo ndi tinjira toyenda pansi pa mitengo italiitali, mthunzi wozizira, mbalame zamitundumitundu, ndi nyama zoyenda mwa ufulu wake. Woyenda mwakachetechete amatha kuona mbawala itaima chilili m'zitsamba. Mu Lingadzi muli ng'ona, choncho mwana asaloledwe kutsikira kumadzi ngakhale kutatentha chotani.

Nyama imene ana amakondwera nayo koposa ndi pusi. Kumudzi pusi ndi mbala ya chimanga, yothamangitsidwa ndi miyala ndi agalu, mwakuti mwana sanamuonepo ali phee. Kuno amamuona pafupi, akutola nsabwe mnzake, kamwana katakakamira pamimba pa make, ndipo mtima umafuna kum'patsa nthochi. Apa ndiye pagona ngozi. Pusi wozoloŵera anthu saopa. Amatsomphola chakudya m'manja, ndipo akakanizidwa amakanda kapena kuluma. Kamba wa paulendo, kaya ndi mbatata yophika kaya mtedza, akhale m'chikwama chotseka, ndipo mwana wamng'ono asayende atagwira chakudya poyera.

Zikachitika kuti mwana walumidwa kapena kukandidwa, kholo lisanene kuti ndi kabala kakang'ono. Matenda a chiwewe amayenda m'malovu a nyama yodwala. Anthu ambiri amawatenga kwa agalu, koma nyama zina zoyamwitsa, kuphatikizapo apusi, zingathenso kupatsira munthu. Kachirombo kake kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo kaŵirikaŵiri pamapita miyezi iŵiri kapena itatu munthu asanaonetse chizindikiro, bala litapola kalekale. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kusokonekera mutu, palibenso mankhwala ochiza. Chopulumutsa chili pa tsiku loyamba lomwelo: kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, osathirapo zitsamba, osalimanga zolimba, kenaka kupita ku chipatala kuti achipatala akaone za katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata. Kudikira mpaka Lolemba, kapena mpaka banja litafika kumudzi, n'kutaya nthaŵi imene siibwerera. Ana ena amabisa bala poopa kukalipidwa, ndiye kholo lanzeru limawauza asanaloŵe m'nkhalango kuti wokandidwa sadzamenyedwa, anene msanga.

Dzuŵa likafika paliwombo, ulendo umapitirira ku City Centre. Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo maofesi a maunduna ali pa Capital Hill. Chapafupi pali nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndi chiliza cha Dr. Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, amene anamwalira mu 1997. Mwana wa sukulu amene anangomva za malo ameneŵa kwa aphunzitsi amakhala ndi nkhani yokamba kwa mwezi wathunthu. Koma misewu ya kumeneko ndi yotakata ndipo magalimoto amathamanga. Mwana wozoloŵera njinga ndi ngolo sadziŵa kuyeza liŵiro lake, kotero agwidwe dzanja podumpha msewu uliwonse.

Ku tauni yakale ndiko kuli phokoso, msika waukulu ndi fungo la chiwaya. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Chakudya chogula chikhale chotentha, chochoka pamoto pomwepo. Chipatso chikhale chosenda wekha. Madzi ndi abwino kuchoka nawo kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala, pamodzi ndi kachidutswa ka sopo kosambira m'manja. Sopo yemweyo ndiye wotsukira bala ngati pusi wachita zake.

Pamsika mwana sachedwa kusoŵa m'chinamtindi cha anthu. Makolo ena amalemba dzina la mudzi ndi nambala ya foni pa kapepala n'kukaika m'thumba la mwanayo, ndipo amagwirizaniratu malo okumanirana ngati atayana. Ndalama ya basi yobwerera imasungidwa payokha kuyambira m'maŵa, ndipo pofika 4 koloko banja limakhala lili kale kudepoti, kuti mtunda wa pansi wochokera pamsewu kukafika kumudzi liuyende kukadali koyera.